Phazi la Atate Pansi pa Phale

Mpaka lero ndikathira madzi pa dothi lotentha, kafungo kamene kamatuluka kamandibwezera pakhomo pathu, kufupi ndi Msoro, chaka chimene ndinali mu giredi folo. Ndi fungo ngati la mvula yoyamba, koma lochepa ndiponso losachedwa kutha. Amama ankalitulutsa ndi kapu imodzi yokha ya madzi, m'mawa wa tsiku limene Atate ankanyamuka kupita kutchire. Ankathira madziwo pang'onopang'ono pafupi ndi chitseko mpaka dothi litafewa, ndipo Atate ankapondapo ndi phazi lamanja, atavala nsapato zawo za matayala, atayang'ana kunjira. Akatero ankapita osacheuka. Amama ankatenga phale lalikulu la mtsuko umene unasweka ine ndisanabadwe, n'kuvundikira phazi lija.

Mwambowu unali wa kuchimuna. Atate anali Mkunda, mbadwa ya m'chigwa momwemo, ndipo atate awo anali mlenje wa njati nthawi imene munthu ankalowa m'tchire ndi mfuti ya gogodera popanda womufunsa pepala. Kwawo ankati phazi la mlenje likakhalapo pakhomo, mwini wake ali nayo njira yobwerera. Akabwera, amavundukula yekha phale n'kufufuta phazilo ndi mwendo wake. Likafufutika iye asanabwere, zimenezo sankazitchula n'komwe. Amama anali Mchewa wa kumtunda, cha ku Katete, mayi wa mpingo wosaphonya msonkhano wa Lachinayi. Anzawo ankawaseka kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma iwo ankangoyankha kuti, "Kwa Mulungu ndapempha kale. Phaleli ndi la apongozi anga, lisiyeni."

Atate ankagwira ntchito yolondola mapazi a nyama ku kampu ya alenje, mkati mwa tchire la mitengo ya mupani kutsidya kwa mtsinje wa Lupande. Kumeneko munthu wamba sankaloledwa kupondako ndi nkhwangwa kapena galu. Ankalowako ndi alendo olemera ochokera kunja, okhala ndi mapepala a boma onena nyama imene aloledwa kupha, pamodzi ndi bwana wa kampu, sikauti wa boma woyang'anira nyama, ndi anthu ngati Atate. Amalume ena a m'mudzi ankang'ung'udza kuti tchire la makolo awo lasanduka sitolo ya azungu. Atate sankawatsutsa. Ankangoti m'nyumba muli ana, ndipo ntchito imene munthu amaidziwa ndi yomweyo.

Ngakhale olemerawo sankalowa nthawi iliyonse imene afuna. Mvula ikagwa, chigwa chathu chimadzitsekera chokha. Makande amasanduka phala, mitsinje imadzaza, galimoto imamira mpaka m'zitseko. Ndiye chaka chilichonse madzi akaphwa, cha mu Meyi kapena Juni, Atate ndi amuna ena ankayamba ndi kutsegula msewu. Ankakwirira maenje amene njovu zinaponda m'matope, ena akuya kufika m'mawondo, ankadula mitengo imene njovu zomwezo zinagwetsera mu msewu, n'kuyala mitengo ndi udzu pamchenga wa Lupande kuti galimoto iwoloke. Ankabwera manja ali matuza okhaokha, khosi litatupa ndi kashembe. Msewu ukatseguka, alendo ankayamba kufika, wina akachoka wina n'kubwera, mpaka mitambo itayambanso kusonkhana.

Za maso a Atate ndiye musandifunse, ndingakuchezereni mpaka mawa. Ankatha kuyang'ana pa dothi louma gwa, pamene ine ndinkaona miyala ndi masamba basi, n'kunena kuti padutsa njati zitatu dzuwa lisanatuluke, imodzi ikutsimphina mwendo wakumbuyo. M'thumba la malaya ankayenda ndi kansanza komangamo phulusa. Akakagwedeza, phulusa linkawauza kumene mphepo ikupita. Ife ana tinkavutika nawo maso amenewo. Ukaba shuga, ankakulondola kuchokera pa kabati mpaka kuseri kwa nkhokwe, akufotokoza mokweza pamene unaima, pamene unanyambita chala, pamene unathamanga utamva chifuwa cha Amama. Sankamenya. Ankangoseka mpaka iwe mwini utaulula.

Chaka chimenecho dzuwa la Okutobala linali loopsa. Mitengo ya mupani inayoyoka masamba onse, tchire linangoti mbee, ndipo nyenje zinkalira kuyambira m'mawa mpaka makutu kuwawa. Pofika teni koloko sunkatha kuponda pansi wopanda nsapato. Chitsime chathu chinauma, ndiye Amama, amene anali ndi khanda kumsana, ankapita kukafukula mchenga ku Lupande, kudikira madzi kuti adzaze dzenje, n'kumatunga ndi chikho pang'onopang'ono. Popeza ankakhalitsa kumeneko, ntchito yolondera phale anandipatsa ine. Ndinkaingitsa mbuzi, ndinkasesa mozungulira mosamala, ndipo ndinkayenda modzimva ngati ndapatsidwa makiyi a sitolo.

Ulendo womaliza wa chaka unafika kumapeto kwa mweziwo. Atate anatiuza kuti mlendo wawo akufuna njati yaimuna yokalamba, zija zimachoka pagulu n'kumakhala ziwiri kapena zitatu m'zitsamba zowirira pafupi ndi madzi. Kwathu timazitcha akakuli. Nthawi imeneyo madzi amakhala atatsala m'mathamanda owerengeka, kotero kupeza mapazi sikuvuta. Chovuta ndi kuyenda, chifukwa masamba ouma amalira pansi pa phazi, mphepo imatembenukatembenuka masana, ndipo mlendo wosazolowera kutentha amatopa msanga. Ananyamuka Lolemba m'mawa. Amama anathira madzi, Atate anaponda, ndipo asanatuluke pabwalo anandigwira pamutu n'kunena kuti, "Undisungire njira, mama." Ankanditcha mama chifukwa dzina langa la Esinati linali la amayi awo.

Vuto langa kuyambira ubwana ndi pakamwa. Lachinayi Amama atapita ku msonkhano wa amayi, kunabwera mnzanga Faidesi kudzasewera phada. Atate ake anali kalaliki pa msika wa thonje, ndipo tsiku limenelo anandinyang'wira kuti atate ake amalemba ndi bolopeni pamene anga amangonunkhiza ndowe za njati. Magazi anandiwira. Ndinamuuza kuti Atate anga ali ndi chinthu chimene kalaliki aliyense alibe, ndipo ndikamuonetsa sagona. Ndinamukokera pachitseko, ndinagwada, ndinanyamula phale lija ndi manja awiri n'kuliika pambali. Phazi linali pomwepo, louma bwino, mizere ya tayala ikuoneka umodzi umodzi, chidendene chitalowa kwambiri. Faidesi anati, "Basi? Phazi chabe?"

Ndisanamuyankhe tinamva ana akukuwa kumsewu kuti galimoto ya kukampu yabweretsa nyama ya mvuu kusukulu. Alendo akapha nyama yaikulu ankagawako kumidzi, ndipo wochedwa ankapeza mafupa. Ndinatola beseni, tinaliyatsa liwiro. Tinakankhana pamzere padzuwa, ndinalandira nthuli yanga yamafuta, ntchentche zili ng'waa, ndipo ndinabwerera ndikuimba, ndikuganiza mmene Amama andiyamikire. Nditangolowa pabwalo ndinaona thadzi lathu lofiira litagona pakhomo penipeni, likusamba fumbi, anapiye ake akupalasa mozungulira. Phale linali chagada pamene ndinalisiya.

Mayo ine! Ndinathamangira pakhomopo. Ndinaingitsa nkhuku ija, koma panalibenso kanthu, kadzenje ka fumbi ndi nthenga ziwiri basi. Faidesi anayang'ana ine, anayang'ana pansi, n'kuthawira kwawo osatsanzika. Ndinaima kakasi, beseni likadali pamutu. Kenaka ndinakumbukira nsapato zakale za Atate zimene anazisomeka kudenga la khonde, zakutha chidendene, lamba wake woduka. Ndinakwera pa mtondo n'kutsitsa ya kumanja. Ndinatunga kapu ya madzi m'ndowa ya Amama, madzi aja a mumchenga, ndinathira, ndinasalaza ndi chikhatho. Ndinalowetsa kaphazi kanga m'chinsapato chija, ndinagwira mphuthu za chitseko ndi manja onse awiri kuti ndipeze mphamvu, ndipo ndinadinda ndi thupi langa lonse. Panatuluka phazi ndithu. Ndinavundikira msanga, ndinabweza nsapato kudenga, ndinasesa bwalo lonse mpaka kukhola. Amama atabwera anayamikira nyama, anayamikiranso kusesa.

Loweruka masana galimoto ya kukampu inabweranso, koma ulendo uno sinalize hutala. Inaima patali pansi pa mtengo wa mvunguti, ndipo a Mbewe, dalaivala wake, anatsika atavula chipewa. Ndinali kutsuka mbale kuseri kwa thandala, ndipo ndinamva zonse.

"Mwaswera bwanji, amake Esinati?"

"Taswera. Nanga chipewa m'manja bwanji, a Mbewe? Nenani."

A Mbewe anafotokoza ataweramitsa mutu. Lachisanu mlendo uja anayenda padzuwa kuyambira m'mawa, ndipo pamene anafika pa akakuli anali atatopa kwambiri. Chipolopolo chinalowa m'mimba m'malo mwa paphewa. Njati inathawira m'zitsamba zowirira m'mbali mwa kamtsinje kouma. Lamulo la ntchitoyo ndi lakuti njati yovulala siisiyidwa, chifukwa mawa ipha mayi wotola nkhuni. Imalondoledwa mpaka ipezeke, ndipo amene amatsogola ndi wolondola mapazi, maso ali pansi, m'manja mulibe mfuti. Anailondola mpaka kunada, anayambiranso Loweruka m'mawa. Njatiyo inazungulira n'kudzabisala pambali pa njira yake yomwe. Cha m'ma naini koloko inatulukira pafupi ngati apa ndi pankhokwe, inawabaya Atate pantchafu n'kuwaponya m'mwamba, bwana wa kampu asanaigwetse. Anawamanga mwendo ndi lamba n'kuthamangira nawo kuchipatala. "Akupuma," anatero a Mbewe. "Koma magazi ataya ambiri. Tiyeni, ndabwera kudzakutengani."

Amama sanalire. Anamanga kamtolo ka zovala, mphika ndi ufa, anabereka khanda. Anthu amene anasonkhana ankati tsoka silinunkha. Ine ndinkawerenga masiku pa zala kuseri kwa thandala. Lachinayi ndinavundukula phale, Lachisanu mlendo anaphonya, Loweruka njati inabaya. Kwa ine tsokalo linali ndi dzina, ndipo dzina lake linali Esinati. Amama asanakwere galimoto anandiitana, anandiuza kuti azakhali, alongo awo a Atate, adzagona nafe, ndipo anawonjezera kuti, "Phale lija usalichokere, mwanangu. Tsopano ndi pamene lifunika."

Masabata atatu amene anatsatira ndi amene ndimawakumbukira kwambiri pa ubwana wanga wonse. Ndinasiya kupita kusukulu, ndinkanamizira mutu. Ndinkakhala pakhonde kuyambira m'mawa, ndodo m'manja, kulondera bodza langa lomwe. Thadzi lofiira lija ndinkalida kuposa njati. Chakudya ndinkachikana. Azakhali anandiphikira therere, anandigulira mabanzi, anandiopseza ndi mthiko, koma zonse zinapita pachabe. Ankauza anansi kuti mwanayu amakonda atate ake mopitirira, ndipo mawu amenewo ankandilasa kuposa kutukwanidwa. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma ndinkaganiza kuti ndikangotchula, zimene zatsala zichitika. Ine wa pakamwa uja ndinakhala duu. Faidesi ankati akandiona ankadzera njira ina.

Mauthenga ankabwera ndi anthu a panjinga, lero akuti ali bwino, mawa akuti mwendo watupa ndipo thupi latentha, mkuja akuti madokotala akukambirana zoudula. Kumwamba nako kunayamba kusintha. Masana mitambo inkaunjikana kumapiri a kumtunda, kunkagunda patali, kamphepo konunkhira chinyezi kankadutsa n'kutha. Mitengo ya mupani inayamba kuphuka timasamba tofiira mvula isanagwe n'komwe. Alimi ankayang'ana kumwamba mwachiyembekezo, makasu atakonza kale. Ine ndekha m'mudzi monse ndinkapempha Mulungu kuti mvula ichedwe, chifukwa madzi a padenga ankagwera pomwepo pa phale. Ndinalivundikiranso ndi beseni, pamwamba n'kuikapo mwala.

Atate anabwera ndi Amama tsiku lina chakumasana, mu galimoto ya a Mbewe, mwendo uli wonse koma wowongoka ngati mtengo. Anali ataonda, ndevu zitachita imvi zimene sindinkazidziwa, akuyenda ndi ndodo. Amayi a m'mudzi analuluta, amuna anabwera kudzagwira chanza, azakhali analira mokweza. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe. Anthu atachepa ndinamva ndodo ikugogoda pansi kulowera kuchitseko, ndipo Atate anaitana kuti, "Mlonda wanga ali kuti?"

Ndinabwera ndikukoka miyendo. Amama anachotsa mwala ndi beseni. Atate sakanatha kugwada, ndiye anakola phale ndi nsonga ya ndodo n'kulitembenuza. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, monga ankachitira kutchire, mutu utapendekeka pang'ono. Kenaka anayang'ana kudenga la khonde, kumene kunali nsapato zakale zija. Pomaliza anayang'ana ine, kuyambira kumapazi, m'mikono, mpaka diresi langa limene linali litayamba kundikhwepa m'mapewa.

"Amake Esinati, taonani zodabwitsa," anatero. "Munthu uyu nsapato ndi yanga, koma kulemera kwake ndi kwa nkhanga."

Pomwepo ndinaphulika kulira. Zonse zinatuluka mosalongosoka, Faidesi, bolopeni, nyama ya mvuu, thadzi lofiira, kapu ya madzi. Ndinati ndine ndinawabayitsa, andimenye, andithamangitse. Amama anagwira pakamwa. Atate anatsamira chipupa, anandikoka ndi dzanja limodzi n'kundiimika patsogolo pawo, nkhope yanga italoza pansi.

"Leka kulira, mama. Mwana wa wolondola mapazi amayamba wawerenga, kulira pambuyo. Tsiku lija ine ndinaponda kuloza kuti?"

"Kunjira," ndinatero ndikusisima.

"Nanga ili laloza kuti?"

Ndinapukuta misozi n'kuyang'anitsitsa. Chidendene chinali chakubwalo, zala zinali kuchitseko. Pogwira mphuthu zija ndinali nditayang'ana m'nyumba, ndipo masabata onsewo sindinaganizepo.

"M'nyumba," ndinayankha.

"Ndiye ulira chani? Langa lija linali lopita chabe. Ili ndiye landibweza." Anatembenukira kwa Amama n'kunena kuti, "Mupatseni chakudya mlondayu, wagwira ntchito."

Ndinadya tsiku limenelo mpaka azakhali anandilanda mbale. Atate sanafufute phazilo monga mwa mwambo. Anati phale libwezeredwe, ndipo linakhala pomwepo masiku awiri, mpaka mvula yoyamba inagwa ndi mphepo yake, madzi a padenga n'kukokolola zonse. M'mawa mwake Lupande anali atadzaza, mitengo ija anayala pamchenga itapita ndi madzi, ndipo msewu wa kukampu unatsekeka mpaka chaka china. Utatsegulidwanso, Atate sanali m'gulu la otsegula. Mwendo sunapindikenso. Anatembenukira ku thonje ndi mapira, ndipo nyama zimene ankalondola zinali mbuzi zosochera za anansi ndi ana akuba shuga. Phazi lawo pabwalo linasintha, linakhala phazi limodzi, kamzere kokoka pambali pake, ndi kadontho ka ndodo.

Kwa zaka zingapo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndine ndinabweza Atate kwa akufa, ndipo ndinkauza aliyense wofuna kumva, Faidesi woyamba. Nditakula ndinamva zina. A Mbewe anandiuza kuti chimene chinawapulumutsa ndi lamba uja ndiponso mchenga wouma, chifukwa mvula ikanagwa sabata imeneyo galimoto sikanawoloka Lupande. Ndinadziwanso kuti njati sinkadziwa za thadzi langa. Inkadziwa chipolopolo chimene chinali m'mimba mwake, ndi munthu amene anali patsogolo wopanda mfuti, chifukwa ntchito yake inali yotero. Azakhali nawo, atakalamba, anandiuza akuseka kuti kwa Akunda kulibe mwambo wa phazi loloza m'nyumba, ndipo iwo anaumva koyamba tsiku lomwelo.

Atate anamwalira ine ndili kale ndi ana anga, ndipo sindinawafunsepo. Panalibe chofunsa. Munthu amene ankadziwa ola limene njati yadutsa pa dothi louma anaona zonse phale litangotembenuka, nsapato yolakwika, phazi losalowa, ndi mwana amene sanadye masabata atatu. Anaima pamenepo ndi mwendo umene ntchito yake inathera kutchire, akumva ululu, n'kufufuza pa kadothi kaja mpaka atapeza chinthu chimodzi chimene chikanandichititsa kudya.